Kalulu wa pa njinga: buku la Armstrong ndi mankhwala a m'mabwalo athu

Sabata ino nkhani ili kwa ine, ndipo ndabwera ndi buku limene ena a inu mundiseka nalo, chifukwa mwini wake dziko lonse likumudziwa kuti ndi wabodza. Ndinaligula pamsika wa pa boma kuno ku Nkhotakota, kwa mnyamata wina woyala mabuku akaunjika pansi, lili pakati pa buku la masamu a Fomu 2 ndi magazini akale a mpingo. Chikuto chinali chitayamba kale kusupuka. Dzina lake ndi It's Not About the Bike, la Lance Armstrong, limene analemba mothandizana ndi mtolankhani Sally Jenkins, ndipo linatuluka mu 2000. Mutuwo ukutanthauza kuti nkhani si njinga ayi. Pamenepo pokha mkuluyu sananame.

Ndaliwerenga kawiri. Ulendo woyamba ndinalimaliza usiku umodzi, mwera ukuwomba, mabwato onse ali pamchenga. Ulendo wachiwiri ndinali ndi pensulo m'manja. Chimene chandibweretsa kwa inu ndi funso lomwe landisowetsa tulo: bodza limeneli likukoma chifukwa chiyani? Nanga bwanji kukoma kwakeko sikukundidabwitsa, ngati kuti ndinakulawapo kale kwathu konkuno?

Kwa amene dzinali ndi lachilendo, ndifotokoze mwachidule. Armstrong ndi wa ku Texas, ku America, katswiri wopalasa njinga. Mu Okutobala 1996, ali ndi zaka 25, anamupeza ndi khansa ya ku ziwalo zachimuna yomwe inali itafalikira kale m'mapapo ndi mu ubongo. Anachitidwa maopaleshoni, analandira mankhwala amphamvu aja othothola tsitsi, nachira. Mu 1999 anapambana Tour de France, mpikisano wa masabata atatu, wa makilomita oposa 3,000, wodutsa m'mapiri a Alps ndi Pyrenees. Kuti mumvetse kulemera kwake, masiku ambiri amapalasa mtunda wonga wochokera pa Nkhotakota kukafika ku Lilongwe kudzera ku Salima, mawa lake n'kudzukiranso pachishalo. Afunseni anyamata a kabaza mmene miyendo imamvekera akangofika pa Chia n'kubwerera. Armstrong anapambana mpikisanowu kasanu ndi kawiri motsatizana, kuyambira 1999 mpaka 2005.

Mu Okutobala 2012 bungwe la ku America lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera, USADA, linatulutsa umboni wa masamba oposa 1,000, momwe munali mawu a anzake 11 omwe anapalasa naye m'timu imodzi. Anamulanda zikho zonse zisanu ndi ziwiri, ndipo zaka zimenezo anazisiya zopanda wopambana. Mu Januwale 2013 anakhala pamaso pa Oprah Winfrey n'kuvomera: inde EPO, inde testosterone, inde kudzithira magazi, pa mipikisano yonse isanu ndi iwiri. Ndiye buku langa lakaunjikali linalembedwa munthu akudziwa zonsezi.

Ndiyambe ndi kuliyamikira, chifukwa wotsutsa buku amene saona chabwino chilichonse ndi wamiseche chabe. Mitu yokamba za matenda ndi yabwino zedi. Muli mayi amene anabereka mwana ali ndi zaka 17 n'kumulera movutika, bambo womubereka atachoka. Muli mnyamata wamwano, wodzimva, amene mwadzidzidzi wagona pabedi la chipatala, akusanza, akuwerengera madontho a diripi. Muli anamwino amene akumuuza zoona pamene ena akumunyengerera. Aliyense wa inu amene anagonapo pansi m'chipatala kudikirira m'bale wake adzazimva zimenezi m'mafupa. Ndipo khansayo inali yeniyeni. Zipsera za m'mutu zinali zenizeni. Anthu ambiri odwala analimba mtima chifukwa cha bukuli, ndipo kulimba mtima kwawoko sindingakuseke.

Vuto lagona pomwepo. Bukuli limatenga chowawa chenicheni n'kuchisandutsa chikole cha chinthu chabodza. Ukamaliza kulira naye m'chipatala muja, sungathenso kumukayikira paphiri. Kumukayikira kumaoneka ngati nkhanza, ngati kufunsa wamasiye kuti maliro analidi oona. Wolembayo akudziwa zimenezi, ndipo wayala mitu yake mwadala kuti ufike pa mpikisano wa 1999 uli kale mbali yake. Chikomekome cha mkuyu, akuluakulu anatero, m'kati muli nyerere.

Pali malo awiri amene pensulo yanga inakhalitsa. Oyamba ndi pamene akusimba kuti ali m'chipatala, magazi atamuchepera, madokotala anamupatsa EPO, ndipo iye mwini akunena kuti m'masewera mankhwalawa ndi oletsedwa koma kwa iye anali opulumutsa moyo. EPO ndi chinthu chimene impso zathu zimapanga zokha. Ntchito yake ndi kuuza mafupa kuti apange maselo ofiira a magazi, omwe amanyamula mpweya wabwino kupita ku minofu. Wodwala wochepa magazi akabayidwa EPO wopangidwa kufakitale amadzuka. Munthu wabwinobwino akabayidwa, magazi amachuluka mopitirira, ndipo pachitunda pamene anzake akupuma wefuwefu iye amangopita. Koma magaziwo amalimba ngati phala, mtima n'kumavutika kuwapopa. Mu 1999 njira yoyezera EPO mu mkodzo inali isanayambe kugwira ntchito; inayamba pa Olimpiki ya ku Sydney mu 2000. Taonani tsono luso lake: dzina la mankhwala omwe ankabaya mobisa walitchula yekha masana, pamalo pamene likuoneka loyera, kuti inu musakalifunefune mumdima.

Malo achiwiri ndi pamene mu mpikisano wa 1999 anamupeza ndi timankhwala ta cortisone mu mkodzo. Bukuli likuti anali mafuta odzola pa zilonda za pachishalo, ndipo atolankhani a ku France akuoneka ngati afisi osafuna kuona wodwala atachira. Patapita zaka, Emma O'Reilly, mayi wa ku Ireland amene ankasisita minofu ya opalasa m'timu yake, anaulula kuti kalata ya dokotala yololeza mafutawo inalembedwa nkhaniyo itaphulika kale, n'kuikapo deti yam'mbuyo. Armstrong anamunyoza mayiyu poyera ndi kumukokera kukhoti. Kwa Oprah anavomera kuti mayiyo ankanena zoona.

Tsopano ndibwere ku funso langa lija, lakuti kukoma kumeneku ndinakulawa kuti. Ndinakulawa kwa agogo, usiku, pa nthano za Kalulu. Kumbukirani. Kalulu amakokanitsa Njovu ndi Mvuu chingwe chimodzi, aliyense akuganiza kuti akulimbana ndi kanyama kakang'ono, iye ali phee patchire kuseka. Kamba amaika abale ake m'mbali mwa njira ya mpikisano, wothamanga akafika amapeza kamba ali kale patsogolo. Tonse tinkawomba m'manja. Palibe mwana amene anaimika nthano n'kunena kuti agogo, uku ndi kubera. Ndipo tinkalondola, chifukwa m'nthanomo wochenjerayo ndi wamng'ono, wopanda nyanga, wopanda mano, ndipo amene akupusitsidwa ndi wamphamvu amene akanamuponda. Chinyengo cha Kalulu ndi chida cha wosauka.

Armstrong anadzilemba ngati Kalulu: mwana wopanda bambo, wodwala, Mmerika pakati pa anthu a ku Ulaya omuderera. Pamene zoona zake n'zakuti pa njinga iye ndiye anali Mkango. Anali ndi ndalama, madokotala, maloya, makampani omuthandiza. Amene ankapondedwa ndi ena, ndipo mawu awo simuwamva m'bukumu. Christophe Bassons, mnyamata wa ku France, ankakana mankhwala ndipo mu 1999 ankalemba m'nyuzipepala kuti mpikisanowo sunayere. Armstrong anamupalasira pafupi n'kumuuza kuti ngati sakukondwa achoke. Anzake anamusala, anachokadi mpikisano uli m'kati, ndipo mu 2001 anasiyiratu ntchitoyi ali ndi zaka 27. David Walsh, mtolankhani amene anakana kukhulupirira chozizwitsachi, anakhala zaka zoposa khumi akunyozedwa, ndipo nyuzipepala yake ya Sunday Times inalipira ndalama kwa Armstrong chifukwa chosindikiza zomwe pambuyo pake zinapezeka kuti ndi zoona. Kalulu weniweni wa nkhaniyi ndi Bassons, koma iye analibe chinyengo chilichonse, n'chifukwa chake nthano yake sitiidziwa.

Mwina mukuti, aise, za azungu ndi njinga zawo zikutikhudza bwanji ife a kunyanja? Tamverani mawu amodzi awa: mankhwala. Panado ndi mankhwala. LA wa malungo ndi mankhwala. Zomwe sing'anga amakupatsa kuti ukwirire pakhomo kapena usambitse ukonde ndi mankhwala. Chamba timati mankhwala ozunguza bongo. Zophera makoswe ndi zopopera m'munda nazonso ndi mankhwala. Chochiza, chokhwimira, choledzeretsa ndi chakupha, zonse tinaziika m'lichero limodzi. Sindikunyoza chilankhulo chathu ayi; mwina chinaona patali, chifukwa EPO uja anachiza Armstrong ndi yemweyo anamupha mbiri. Koma taganizani zomwe mnyamata wa zaka 17 amamva wina akamuuza kuti mpira umafuna mankhwala.

Ndipo amauzidwadi. Inu amene mumapita kumabwalo mukudziwa zimene ndikunena. Timu kukana kulowera pachipata, kulolera kudumpha mpanda. Anthu kuthamangira kugolo kukafukula kapena kukathira zinthu mpira usanayambe. Masapota kumenyana chifukwa cha kabotolo. FAM ndi SULOM akhala akulipiritsa matimu chindapusa pa zoterezi, koma sizitha. Ine sindikhulupirira kuti chithumwa chinagoletsapo chigoli. Chimene chimandiopsa ndi phunziro lomwe chimasiya m'mutu mwa osewera: kuti kupambana kumagulidwa kwa munthu wina wodziwa, usiku, ndipo iwe ntchito yako ndi kumeza osafunsa. Mwana amene wazolowera kusamba madzi a mizu osafunsa kuti ndi mizu yanji, tsiku lomwe adzapatsidwe jakisoni adzangopinda mkono wa malaya.

Palinso china. Chikhulupiriro chimenechi chimabera ngakhale amene sanabe. Munthu akachita chachikulu, sitifulumira kunena kuti anakonzekera, timati anakhwima. Pa 25 Januwale 2022, pamene Gabadinho Mhango anaponya mpira uja kuchokera kutali n'kudutsa pamwamba pa goloboyi wa Morocco ku Cameroon, munati chiyani muli m'mavidiyo sho muja? Temwa Chawinga atagoletsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024, ndi angati a ife tinakamba za zaka zomwe anathamanga m'mabwalo afumbi? Kumene anthu amakhulupirira kuti aliyense ali ndi kake, thukuta silikhalanso ndi mtengo.

Ndikuuzeni ya pakhomo panga, chifukwa ndikapanda kutero ndikhala ngati ndikuloza ena chala. Mwana wa mlongo wanga ankasewera kutsogolo m'timu ina ya m'mbali mwa nyanja muno. Sinali ya ligi yaikulu. Inali ya mabonanza omwe amabwera nthawi ya kampeni kapena Khirisimasi. Anafika mu fainolo atavulala kakolo masiku atatu m'mbuyomo, akutsimphina. Tsiku la mpira ndinamuona akuthamanga ngati palibe chinachitika. Anagoletsa, anamunyamula paphewa kuchokera pabwalo mpaka kumsika. Mawa lake phazi linali litatupa ngati mtondo.

Ndinamufunsa kuti, "Iwe, unamwa chiyani dzulo?"

"Kaya, amalume. Anangoti ndi mankhwala."

"Mankhwala a chiyani?"

"Oti tiwine."

Anali mapiritsi awiri okulungidwa m'kapepala, opanda dzina, omezera chakumwa chija cha m'chitini chopatsa mphamvu. Anamupatsa ndi mkulu wina yemwe anyamata amamutcha dokotala wa timu, amene zida zake ndi ndowa ya madzi ndi kachikwama kakuda. Ndi yemweyo anawasambitsa madzi a mizu usiku ku kampu. Kwa mnyamatayo zinthu ziwirizi zinali chimodzi. Ululu ndi mlonda wa thupi. Ukaugoneka ndi mapiritsi n'kuthamanga mphindi 90 pa kakolo kovulala, chomwe chinali chongobinya chimasanduka chong'ambika. Anakhala miyezi asakuponda bwino. Lero ali m'gulu la alovi, amakoka chilimira usiku, ndipo kukazizira phazilo limamukumbutsa.

Chondichititsa manyazi ndi ichi: madzulo a tsiku la fainolo lija ndinalemba ndakatulo yomutamanda, yokamba za mtima wa mkango womwe sumva ululu. Ena a inu munaiwerenga, munaikonda. Ndinali ndamuona akutsimphina Lachitatu, ndinamuona akuuluka Loweruka, ndipo sindinafunse, chifukwa funsolo likanawononga ndakatulo. Ndiye ndikamadzudzula Sally Jenkins kuti mtolankhani wamkulu ngati iye analemba bwanji buku lonse osakumba, ndimadziwa bwino mmene zimachitikira. Nkhani ikakoma, wolemba amasiya kufunsa.

Wina anena kuti bonanza si mpira wa ntchito, palibe amene amayeza mkodzo kumeneko. Zoona. Koma njira yochokera kunyanja kuno kupita kumene amayeza si yaitali monga mukuganizira. Ku Dwangwa, m'boma lathu lomweli, pa Chitowe paseweredwapo mpira wa ligi yaikulu. Esau Kanyenda anachokera ku Dwasco komweko n'kupita ku Jomo Cosmos ku South Africa, kenako ku Rostov ndi ku Lokomotiv Moscow ku Russia. Mwana aliyense womenya chikulunga pamchenga wa pa Linga amalota njira imeneyo. Ndipo kumapeto kwa njirayo kuli lamulo limene silimva mawu akuti "anangoti ndi mankhwala". Malamulo a WADA, bungwe la dziko lonse lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, amati chilichonse chopezeka m'thupi la wosewera ndi mlandu wa wosewerayo, kaya anadziwa kaya sanadziwe. André Onana, goloboyi wa ku Cameroon, ali ku Ajax mu 2021 anamupeza ndi furosemide. Anafotokoza kuti anamwa piritsi la mkazi wake molakwitsa, oweruza anamukhulupirira, komabe anakhala miyezi isanu ndi inayi osasewera. Tramadol, wopha ululu uja amene anthu amangogula mwachisawawa, analowa m'ndandanda wa zoletsedwa pa mpikisano kuyambira pa 1 Januwale 2024. Kuno kwathu kuli bungwe la MADO loona zimenezi, koma uthenga wake uyenera kupikisana ndi kachikwama kakuda komwe kamagona ndi anyamata ku kampu.

Za chamba sindingazilumphe, poti dzina la boma lathu likatchulidwa kutauni anthu amayamba kumwetulira. Alipo anyamata amene amakhulupirira kuti kukoka pang'ono mpira usanayambe kumachotsa mantha ndi kuwonjezera mpweya. Lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala a kuchipatala ndi cha mafakitale, silinalole kusuta. Ndipo m'masewera chamba ndi choletsedwa pa nthawi ya mpikisano. Sha'Carri Richardson wa ku America anapambana mpikisano wosankha opita ku Olimpiki ya Tokyo mu 2021, atangomva kumene za imfa ya mayi ake omubereka. Anamupeza ndi chamba, anamuletsa mwezi umodzi, ndipo mwezi umenewo unamudyera Olimpiki. Mutha kutsutsa ngati chilangocho chinali choyenera, ine ndemwe ndimakayika ngati chamba chimathamangitsa munthu. Koma taonani khalidwe. Mtsikanayu anavomera pomwepo, sananamizire wina, sanakokere munthu kukhoti, ndipo mu 2023 anapambana mamita 100 pa mpikisano wa dziko lonse ku Budapest. Armstrong anakana zaka zoposa khumi, akuphwanya aliyense woyandikira choonadi. Onse awiri anaphwanya lamulo la mankhwala, koma wina anangolakwa, winayo anamanga nyumba pa misana ya anzake. Wolemba amene sasiyanitsa ziwirizi sanayambe ntchito.

Tsopano ndiyankhe amene akundidikira ndi mkangano weniweni, chifukwa ulipo ndipo si wopusa. Mukuti: anzathu olemera ali ndi zakudya, madokotala, mabwalo a kapinga, makina oyeza chilichonse. Mwana wathu wadya nsima ya kondowole ndi usipa, nsapato ndi yobwereka. Mpikisano unali wokondera asanaimbe wezulo. Ndiye Kalulu akapeza kanjira kake, tim'dzudzule bwanji? Ndikumva, ndipo kukonderako ndi koona. Koma funsani kuti kanjirako kamabera ndani. Rita Jeptoo wa ku Kenya anapambana mpikisano wothamanga wa Boston Marathon mu 2014, kenako anamupeza ndi EPO n'kumulanda ulemuwo. Amene anabwera pambuyo pake sanali mwana wa bwana. Anali Buzunesh Deba wa ku Ethiopia. Anamulengeza kuti ndiye wopambana patapita nthawi, anthu atabalalika kale, opanda womuwombera m'manja, ndipo patatha pafupifupi zaka khumi anali asanalandirebe ndalama za mphotho yoyamba, mpaka munthu wina wakufuna kwabwino anamupatsa za m'thumba mwake mu 2024. M'nthano Kalulu amabera Njovu. Pabwalo kalulu amabera kalulu mnzake.

Asodzi akuno amazidziwa bwino zimenezi. Munthu akathira katupe m'dziwe amadzaza dengu tsiku limenelo, ndipo mnzake wa mbedza amaoneka ngati chitsiru. Mawa wa mbedzayo amafunanso katupe, apo ayi ana ake agona ndi njala. Pakutha pa chaka m'dziwemo mulibe ngakhale kachiwaya, poti katupe sasankha, amapha ndi tiana tomwe. Ndi mmene zinalili pa njinga m'zaka za Armstrong. Mawu akuti "aliyense ankachita zomwezo" amanenedwa ngati chowiringula, chonsecho ndiwo mlandu weniweniwo. N'chifukwa chake zikho zisanu ndi ziwiri zija zinasowa wopatsidwa.

Nanga bukuli tilitaye? Owerenga ena ku California anakasuma kukhoti mu 2013 kuti anagulitsidwa nthano m'dzina la mbiri. Ine ndimvetsa mkwiyo wawo, koma langali sinditaya. Ndiliika pashelefu pafupi ndi Seven Deadly Sins la David Walsh ndi The Secret Race la Tyler Hamilton, mnzake wa m'timu amene anaulula zonse, onse awiri a 2012; amene angawapeze awawerenge pamodzi. Lokha, buku la Armstrong ndi msampha. Pafupi ndi anzakewo limasanduka mphunzitsi wabwino kwambiri wa kulemba amene ndinakumanapo naye, chifukwa limakuonetsa kuti nkhani ingathe kukhala ndi mfundo zoona zambiri n'kukhalabe yabodza, malinga wolemba wasankha bwino choti asiye kunja. Limakuonetsanso kuti wowerenga sanamizidwa yekhayekha, amathandizira. Tinkafuna munthu wochokera pakamwa pa manda n'kugonjetsa mapiri, ndipo tinamupeza wotigulitsa.

Pempho langa kwa inu alembi a m'gulu lino ndi ili. Nkhani za mpira timalemba zochepa, ndipo zochepazo zimakhala za mitundu iwiri: yotamanda ngwazi, kapena yoseka sing'anga amene mankhwala ake sanagwire. Zonse ziwiri zimasiya wosewera ngati chidole. Tiyeni tilowe ku kampu usiku wa fainolo. Lembani mkulu wa kachikwama kakuda uja, osati ngati mfiti, koma ngati munthu amene amakondadi timu yake ndipo sadziwa zomwe zili m'mapiritsi omwe akugawa. Lembani wandale kapena wamalonda amene waika ndalama za bonanza ndipo akufuna chikho basi. Lembani mayi amene akuthowa phazi ndi madzi otentha pamene mudzi wonse ukuimbabe dzina la mwana wake. Lembani mnyamata amene anakana kumeza, anzake n'kumutcha wamantha, timu n'kugonja, mlandu n'kugwera iye. Ndipo mudzilembe inu eni, muli pamzere wa masapota, mukukuwa kuti alowe ngakhale akutsimphina. Amati nsomba ikawola imodzi zonse zawola; ife olemba tizifunsako kuti dengulo analisiya padzuwa ndani.

Ndisanatumize nkhaniyi ndinapita kudooko m'mawa, mabwato akutuluka, kukamuwerengera mwana wa mlongo wanga gawo lomukhudza, kuti ngati sakufuna ndilichotse. Anamvetsera akutola usipa wotsalira m'khoka. Nditamaliza anati, "Musachotse, amalume. Koma mwaiwala munthu mmodzi." Ndinafunsa kuti ndani. Anati pa benchi tsiku lija panali mnzake wina, wabwinobwino, amene anakonzekera sabata yonse akudziwa kuti malo ndi ake chifukwa mwini wake wavulala. Anavala jezi, anamanga nsapato, n'kuonerera mphindi zonse 90 ali chikhalire. Chaka chotsatira anasiya mpira.

Ameneyo ndinalibe naye ndakatulo, ndipo ndikuvomera kuti mpaka dzulo sindinkadziwa kuti analipo. Tiuzane m'munsimu: kwanuko, amene anakhala pa benchi anali ndani?